Kompyuta ya M'manja ndi Nthaŵi ya Munthu

Pa 25 February 2022 kampani ya ku America yotchedwa Valve idayamba kugulitsa kamakina kotchedwa Steam Deck. Maonekedwe ake ndi a kathabwa kakuda kotalika pafupifupi masentimita 30, kolemera magalamu 669, kokhala ndi galasi loonerapo pakati ndiponso mabatani mbali zonse ziŵiri. Koma m'kati mwake muli kompyuta yeniyeni, yotha kuyendetsa maseŵera amene kale ankafuna makina aakulu a pa tebulo, maseŵera aja achinyamata amangoti magemu. Makampani ena ataona kuti malonda ayenda, sadachedwe kutsatira. ASUS idatulutsa ROG Ally mu June 2023, Lenovo idatulutsa Legion Go kumapeto kwa chaka chomwecho, MSI idabwera ndi Claw mu 2024, ndipo mu October 2025 Microsoft, mogwirizana ndi ASUS, idatulutsa ROG Xbox Ally. Motero padabadwa mtundu watsopano wa katundu, ndiwo kompyuta ya maseŵera yonyamula m'manja.

Otsatsa malonda afuna kuti tiyese timakina timeneti ndi muyeso umodzi wokha, muyeso wa mphamvu: kukongola kwa zithunzi, liŵiro la makina, ndi kukula kwa magemu amene munthu angayende nawo. Ine ndiona kuti muyeso umenewu ngwosokeretsa. Ubwino weniweni wa kompyuta ya m'manja, pamodzi ndi choopsa chake chenicheni, zonse ziŵiri zagona pa nthaŵi: nthaŵi imene batire lake limapirira, ndiponso nthaŵi ya munthu imene kamakinako kamaloŵamo. Tiyeni tione bwino nkhaniyi.

Mbiri ndi chiŵerengero

Poyamba tifunse ngati timakinati tafalikiradi monga momwe mbiri yake imamvekera. Valve siikonda kulengeza ziŵerengero za malonda ake. Mu November 2023 idangonena kuti yagulitsa mamiliyoni angapo. Bungwe la IDC, limene ntchito yake ndi kuŵerengera malonda a zipangizo zotere, lidayerekeza kumayambiriro kwa 2025 kuti kuchokera 2022 mpaka 2024 makampani odziŵika aja onse pamodzi adagulitsa timakina pafupifupi 6 miliyoni, ndipo toposa 3.5 miliyoni tinali ta Valve. Chiŵerengerochi chimveka chachikulu mpaka titachiika pambali pa cha kampani ya Nintendo ya ku Japan, imene imapanga makina oseŵerera okha, osati makompyuta. Makina ake a Switch, amene adatuluka mu March 2017, adagulidwa oposa 150 miliyoni. Switch 2 itatuluka mu June 2025, anthu adagula makina 3.5 miliyoni m'masiku anai okha, pafupifupi zimene Steam Deck idachita m'zaka zitatu. Ngakhale pakati pa makasitomala a Valve yomwe, amene amagula magemu m'sitolo yake ya pa intaneti yotchedwa Steam, ndipo mu 2021 ankakwana 132 miliyoni pa mwezi, eni Steam Deck ndi kagulu kochepa ndithu.

Nanga phokoso lonseli lichokera kuti? Mbali ina lichokera kwa ogula eni ake. Ambiri mwa iwo ndi anthu achikulire pang'ono, a ndalama zao, odziŵa za makompyuta, ndipo ndi omwewo amene amalemba nkhani ndi kujambula makanema a pa intaneti. Kulira kwa ng'oma sikutiuza kuchuluka kwa anthu amene ali pa bwalo. Koma mbali ina mbiriyo njoyenera, pakuti Valve idachita chinthu chimene ena adalephera. Timakompyuta ta m'manja tidalipo kale. Kampani ya GPD ya ku China idatulutsa kake mu 2016. Komatu tinali todula ndi tovuta kugwiritsa ntchito. Valve yomweyo idayesapo mu 2015 kugulitsa makina a pabalaza otchedwa Steam Machine, malondawo nkugwa. Chovuta chinali chakuti magemu ambiri a pa kompyuta amalembedwera Windows, pamene makina a Valve amayendera SteamOS, yochokera ku Linux. M'zaka zotsatira Valve idakonza pulogalamu yotchedwa Proton, imene imagwira ntchito ya womasulira pakati pa gemu ndi makina. Pofika 2023 magemu oposa 10,000 anali atayesedwa ndi kupezeka kuti amayenda pa Steam Deck.

Chinanso ndi mtengo. Steam Deck yotsika kwambiri idayamba pa madola 399 a ku America, ndipo mkulu wa Valve, Gabe Newell, adavomera poyera mu 2021 kuti mtengo umenewu unali woŵaŵa ku kampani yake. Tisaganize kuti adachita zimenezi chifukwa cha chifundo. Valve imatenga mpaka magawo 30 pa 100 alionse a ndalama za gemu iliyonse yogulidwa pa Steam. Kamakinako ndi khomo loloŵera m'sitolo, ndipo mwini sitolo sadandaula kutsitsa mtengo wa khomo.

Walira mvula walira matope

Tsopano tione za mphamvu ija. Batire la Steam Deck yoyamba limasunga magetsi okwana kuyatsa babu la mawati 40 kwa ola limodzi. Gemu yaikulu, ya zithunzi zolemera, imadya mawati pafupifupi 25, ndiye kuti batirelo limatha pa ola limodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Gemu yopepuka imadya mawati 5 kapena 6, ndipo munthu atha kuseŵera tsiku lonse la ntchito. Nchifukwa chake Valve idalemba kuti batire limakhala maola 2 mpaka 8. Masamu ameneŵa ngosavuta, ndipo palibe wotsatsa malonda amene angaŵasinthe. Mphamvu iliyonse imene muwonjezera m'kamakina kotere mumailipira ndi zinthu zinai: nthaŵi, kutentha, kulemera ndi ndalama.

Makampani otsatira aja adathamangira mphamvu, ndipo adalipiradi. ROG Ally yoyamba inali yaliŵiro kuposa Steam Deck, ya galasi loonetsa bwino koposa, koma batire lake linali lofanana kukula ndi la Steam Deck, kotero kuti poiyendetsa pa mphamvu yake yonse inkangopitirira pang'ono ola limodzi. Mu 2023 ASUS idavomera kuti kutentha kunkatha kuwononga poloŵetsera kakhadi kosungira magemu, ndipo mu 2024 idatulutsa ROG Ally X ya batire lalikulu kuŵirikiza kaŵiri. Legion Go idabwera ndi galasi lalikulu la mainchesi 8.8, koma yolemera magalamu 854, kuyandikira paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Tayesani kunyamula paketi ya shuga patsogolo pa nkhope kwa ola lathunthu, mudzamva chimene mikono idzanene. Mtengo nawo udakwera: ROG Xbox Ally yapamwamba idatuluka pa madola 999. Akuluakulu adati mapanga aŵiri avumbwitsa. Kamakina kofuna kukhala kompyuta yamphamvu ya pa tebulo ndiponso kachinthu kopepuka ka paulendo kamathera pakati, kali m'manja koma chingwe chili ku khoma.

Phunziro limeneli si lachilendo ai. Mu 1989 Nintendo idatulutsa Game Boy, yopangidwa motsogozedwa ndi Gunpei Yokoi, munthu amene ankakhulupirira kuti zipangizo zakale, zotsika mtengo ndi zodziŵika bwino, zingathe kuchita zodabwitsa ngati munthu aziganizira mwatsopano. Galasi la Game Boy linalibe mitundu, linalibenso nyali, koma mabatire ake anai aang'ono ankakhala maola oposa 10. Chaka chotsatira kampani ya Sega idatulutsa Game Gear, ya zithunzi zamitundumitundu zoŵala bwino, imene inkamaliza mabatire asanu ndi limodzi m'maola 3 mpaka 5. Game Boy pamodzi ndi mng'ono wake Game Boy Color zidagulidwa zoposa 118 miliyoni; Game Gear idathera pafupi ndi 10 miliyoni. Anthu adasankha chopirira, nasiya choŵala.

Pa mfundo imeneyi Valve iyenera kuyamikiridwa, chifukwa idaonetsa kuti phunzirolo idalimva. Pamene idatulutsa Steam Deck OLED mu November 2023, siidawonjezere mphamvu yoyendetsera magemu. Idakulitsa batire kuti lizikhala maola 3 mpaka 12, idakonza galasi, nichepetsa kulemera kufika pa magalamu 640. Akatswiri ake adanenanso kuti sadzatulutsa Steam Deck yachiŵiri mpaka patapezeka njira yowonjezera mphamvu kwambiri popanda kudya batire. Umboni wina udaoneka mu 2025, pamene Lenovo idagulitsa kamakina kamodzimodzi, Legion Go S, m'mitundu iŵiri, wina wa Windows, wina wa SteamOS. Oyesa makina adapeza kuti magemu ambiri ankayenda bwino koposa pa SteamOS, ndipo batire linkakhalitsa. Windows idapangidwira mu ofesi, ndipo imanyamula katundu wambiri amene woseŵera safuna.

Chimene eni ake amakondadi

Mukamvetsera eni timakinati akusimba, mudzaona kuti chimene amatamanda kwambiri si chimene chimalembedwa ndi zilembo zazikulu pa katoni. Amatamanda batani limodzi laling'ono la pamwamba. Ukalidina pakati pa gemu, kamakinako kamagona pomwepo. Ukalidinanso, ngakhale maŵa lake, gemu ija imapitirira pamene idalekera, m'kamphindi kochepa chabe. Kompyuta ya pa tebulo imafuna kuti munthu apite ku chipinda chake, akhale pa mpando, ayatse makina, adikire. Imafuna madzulo athunthu. Kompyuta ya m'manja imakhutira ndi mphindi 20.

Apa mpamene pagona chinsinsi cha mbiri yake. Bungwe la makampani a magemu ku America, Entertainment Software Association, lidalengeza mu 2024 kuti zaka za oseŵera a m'dzikolo zikaphatikizidwa ndi kugaŵidwa mofanana, zimakwana 36. Ameneŵa si ana ai. Ndi anthu amene adakula ndi magemu, kenaka nkupeza ntchito, banja ndi ana, madzulo athunthu aja nkuŵathaŵa. Ambiri adapitiriza kugula magemu pa Steam nthaŵi ya mitengo yotsika, osapeza mpata woŵaseŵera. Kamakina aka kadaŵabwezera chisangalalo chao cha paubwana m'timagawo ting'onoting'ono: m'sitima popita ku ntchito, pa nthaŵi ya nkhomaliro, pa bedi ana atagona. Ndipo ngakhale kamatchedwa ka paulendo, eni ake ambiri amasimba kuti amaseŵera ali pakhomo pomwepo, pa mpando wa pabalaza.

Mndandanda umene Valve imatulutsa wa magemu oseŵeredwa kwambiri pa Steam Deck ukuchitira umboni zomwezi. Magemu akuluakulu monga Elden Ring ndi Baldur's Gate 3 alipo ndithu. Koma pambali pao pamapezeka kaŵirikaŵiri timagemu topepuka: Stardew Valley ya 2016, ya ulimi ndi moyo wa m'mudzi, imene munthu mmodzi yekha, Eric Barone, adaipanga, Vampire Survivors ya 2022, Balatro ya 2024, ya makhadi. Timagemu timeneti tingayende ngakhale pa kompyuta yakale ya mu ofesi. Munthu amagula makina otamandidwa chifukwa cha mphamvu, nkumathera maola ake pa gemu yosafuna mphamvuyo. Sindikunena zimenezi monyoza. Ndikungoonetsa kuti ogula adapeza okha ntchito yeniyeni ya chinthu chimene adagula, ndipo ntchitoyo njosiyana ndi imene adauzidwa.

Tisaiŵalenso anthu amene kamakina kotere kamaŵathandizadi: wodwala wogona pa bedi miyezi yambiri, amene sangathe kukhala pa tebulo, wantchito wokhala kutali ndi kwao, m'kachipinda kopanda malo a wailesi yakanema, wophunzira wogona m'chipinda chimodzi ndi anzake. Kuseŵera si tchimo, ndipo munthu wogwira ntchito ayenera kupumula. Valve idachitanso bwino mu 2022 pogwirizana ndi kampani ya iFixit kuti zipangizo zosinthira, monga batire, galasi ndi timitengo toyendetsera, zizigulitsidwa poyera. Masiku ano, pamene katundu wambiri amapangidwa kuti akawonongeka atayidwe, chimenechi nchoyamikika.

Zimene katoni sanena

Valve imagulitsa Steam Deck ku United States, Canada, Britain ndi maiko a European Union. Kumapeto kwa 2022 malonda adafika ku Japan, South Korea, Taiwan ndi Hong Kong, ndipo mu 2024 ku Australia. Kwathu kuno timakina totere timafika kudzera mwa amalonda apadera, kapena m'chikwama cha mbale wochokera ku Johannesburg kapena ku London. Banja limene mwana wao wayamba kupempha kamakina kotere, kapena limene mbale wakunja walifunsa mphatso yoti abweretse, lichita bwino kudziŵiratu zinthu zinai.

Choyamba, kamakinako kamabwera kopanda magemu, ndipo magemuwo amatengedwa pa intaneti. Baldur's Gate 3 imafuna malo okwana 150 GB, pamene Stardew Valley imafuna theka la GB imodzi. Ku maiko kumene intaneti amalipira pa mwezi mosaŵerengera, kusiyanaku sikudetsa nkhaŵa. Kwa munthu wogula bandulo, gemu imodzi yaikulu ingathe kudya ndalama zambiri pa intaneti kuposa mtengo wa gemu yomweyo, ndipo magemu otere amafuna kukonzedwanso pafupipafupi, kukonza kulikonse nkudyanso bandulo. Kumene magetsi amathimathima, batire la maola aŵiri limakhala nkhani inanso.

Chachiŵiri, si gemu iliyonse imene imayenda. Magemu angapo otchuka a mpikisano, monga Fortnite, Valorant, Destiny 2, ndiponso gemu ya mpira ya EA Sports FC imene kale inkatchedwa FIFA, sayenda pa SteamOS, chifukwa mapulogalamu ao oletsa chinyengo salola. Mnyamata amene mtima wake uli pa mpira adzakhumudwa tsiku loyamba lomwe. Timakina ta Windows timayendetsa magemu ameneŵa, koma pamenepo tabwereranso ku nkhani ija ya batire ndi mtengo.

Chachitatu, gemu imene mwalipira si yanu monga momwe njinga kapena buku limakhalira lanu. Mu October 2024, boma la California litangokhazikitsa lamulo lokakamiza amalonda kunena zoona pa nkhaniyi, Steam idayamba kulemba pamalo olipirira kuti wogula akugula chilolezo choseŵera. Malamulo a Steam salola munthu kugulitsa gemu imene watopa nayo, kapena kupatsa wina akaunti yake. Choncho wina akakutsatsani kamakina kogwirapo kale ntchito, nanena kuti nkodzaza ndi magemu, dziŵani kuti magemuwo ali pa dzina la mwini wakeyo, ndipo tsiku lililonse angathe kukutsekerani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chachinai, pali mau aja ana amadziŵa kuti amafeŵetsa mtima wa kholo, akuti kamakinaka kadzathandizanso pa sukulu. Nzoona kuti Steam Deck ndi kompyuta yathunthu: mutha kulumikizako kibodi ndi galasi lalikulu, nkulembapo kalata kapena kuŵerenga mabuku. Koma zonsezo nzogula padera, kamera palibe, ndipo zilembo pa galasi la mainchesi 7 zimatopetsa maso. Ndalama zomwezo zingagule laputopu yabwino, imene idapangidwira ntchito imeneyo. Ngati cholinga ndi sukulu, gulani laputopu. Ngati cholinga ndi kuseŵera, nenani choncho poyera, ndipo muŵerengere mtengo wake ngati mtengo wa choseŵeretsa.

Nyenyeswa za nthaŵi

Tafika tsopano pa funso limene lili lalikulu kuposa onse. Taona kuti luso la kompyuta ya m'manja ndi kutola nyenyeswa za nthaŵi: mphindi 10 apa, mphindi 20 apo. Otsatsa malonda amalankhula ngati nthaŵi imeneyi inali yotayika, yopanda mwini. Kodi nzoona? Taganizani zimene zimachitika m'nyenyeswa zimenezi. Mwana safunsa funso lake lovuta pa msonkhano wa banja; amalifunsa podikira kuti ndiwo zipse, ataona kuti atate ake angokhala. Mai sayamba kusimba nkhaŵa yake mwamuna ali wotanganidwa. Amadikira kachetechete ka madzulo. Agogo amayamba nkhani zakale pamene aona kuti pali makutu opanda ntchito. Ngakhale munthu payekha, maganizo amene amamuwongola, monga kukumbukira mnzake amene adamlakwira kapena kuzindikira kuti njira imene watenga njolakwika, amabwera pamene manja ali chete. Nthaŵi yooneka ngati yopanda ntchito ndiyo imene banja limakuliramo.

Wina adzati makolo athu nawonso ankataya nthaŵi pa bawo. Inde, ndipo alipo amuna amene minda yao idamera thengo chifukwa cha bawo. Koma bawo amaseŵera aŵiri, pansi pa mtengo, oonerera atazungulira, ena akulangiza osapemphedwa, ena akuseka. Nthaŵi imadyedwa, koma imadyedwa pa gulu, ndipo aliyense wodutsa amaona amene wakhalitsa. Ngakhale makina olumikiza ku wailesi yakanema ya pabalaza ali ndi ubwino umenewu: chimene mwana akuseŵera, nyumba yonse ikuchiona. Galasi la mainchesi 7 lili ndi malo a nkhope imodzi yokha, ndipo woseŵerayo akavala zomvera m'makutu, khomo latsekedwa ngakhale palibe chitseko.

Okonda timakinati ali ndi yankho, ndipo ndiyenera kulinena mwachilungamo. Amati kale bambo ankadzitsekera m'chipinda cha kompyuta usiku wonse. Tsopano amakhala pabalaza, pambali pa mkazi wake ndi ana, aliyense akuchita zake. Kodi zimenezi si zabwino koposa? Ndivomera kuti nzabwinoko. Kukhala pamodzi mwakachetechete, wina akusoka, wina akuŵerenga, wina akuseŵera, ndi mtundu wina wa chikondi, ndipo mabanja ambiri amaudziŵa. Koma zonse zidalira chinthu chimodzi: kodi munthuyo akaitanidwa amatheka kuitanika? Mwana akakoka malaya kaŵiri katatu nangomva kuti “dikira pang'ono,” amaphunzira phunziro loŵaŵa kuposa la chitseko chotseka, lakuti atate angathe kukhala pafupi koma osapezeka.

Sindikunena pano za matenda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, lidaika mu 2019 vuto la kukodwa ndi magemu pa mndandanda wa matenda, koma limakhudza anthu ochepa mwa oseŵera. Ndikunena za munthu wabwinobwino, wogwira ntchito yake, wokonda banja lake, amene sataya tsiku lathunthu pa magemu, koma amene mphindi zake zonse zapakatikati zapeza mwini wina. Kutaya kotere sikuoneka, chifukwa palibe tsiku limene munthu angaloze kuti ndi limene zinthu zidasokonekera.

Komabe mankhwala ali pa kamakina komweko. Batani lija limene limachititsa kuyamba kukhala kosavuta, limachititsanso kuleka kukhala kosavuta. Kale woseŵera ankatha kunena zoona kuti akaleka pakati ataya zonse zimene wachita. Pa Steam Deck chodzikhululukira chimenechi chidatha, kupatula pa magemu a mpikisano wa pa intaneti, amene sadikira munthu. Ichi nchifukwa china chosankhira magemu oseŵera wekha, oti ungaŵagoneke, makamaka m'nyumba ya ana aang'ono. Kwa ana, Valve idakhazikitsa mu 2024 dongosolo la Steam Families, lolola anthu mpaka asanu ndi mmodzi a banja limodzi kubwerekana magemu, ndiponso lopatsa makolo mphamvu yosankha magemu ndi kuika malire a maola. Nchida chabwino, ndipo ochipeza achigwiritse ntchito. Chokhacho nchakuti palibe pulogalamu imene imaika malire kwa kholo. Ana amayang'ana chala cha atate ndi amai ao, kuona ngati chimadina batani lija iwo akaloŵa.

Ndidziŵa kuti ambiri mwa inu simudzagula kamakina ka madola mazana angapo, ndipo mwina mukuti nkhaniyi nja anthu a ku Ulaya. Komatu kachipangizo kotola nyenyeswa za nthaŵi kali kale m'thumba mwa ambiri a ife, ndiko foni. Pa mbali ina foni njoopsa koposa, pakuti magemu ake ambiri ngaulere, ndipo opanga ake amapeza phindu pokubwezani kaŵirikaŵiri kuti muone zotsatsa malonda kapena mugule tinthu ta m'gemumo. Gemu yabwino ya pa Steam Deck mumalipira kamodzi, ili ndi chiyambi ndi mathero, ndipo siikuitanani mukaisiya. Mafunso amene tafunsa za kompyuta ya m'manja ayenera kufunsidwa kaŵiri za foni.

Tinene chiyani tsono pomaliza? Steam Deck ndi chipangizo chopangidwa mwanzeru, chotheka kukonzedwa, chimene pa ntchito yake yeniyeni, ya magemu opepuka ndi apakatikati m'timipata ta tsiku, chimachita bwino kwambiri. Anzake othamangira mphamvu ngodula ndi olemera kuposa phindu lao kwa munthu wamba. Palibe ndi kamodzi komwe mwa timakinati kamene kangaloŵe m'malo mwa laputopu ya mwana wa sukulu, ndipo kumene intaneti njodula, mtengo wa pa katoni ndi chiyambi chabe cha zolipira. Amene ali ndi ndalama zake, nafuna kupumula nako atagwira ntchito, agule ndi mtima woyera. Koma asanagule akhale pansi ndi a m'nyumba mwake, aŵerenge mphindi zija akufuna kudzaza, ndipo afunse moona mtima ngati zinalidi zopanda mwini.